Antoine de Saint-Exupéry: Makaniko Amene Anaphunzira Kuuluka Ataweruka

Chaka ndi chaka, zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikalengezedwa, m'midzi ya kuno ku Kasungu mumamveka madandaulo ambiri kuposa nthungululu. Owerengeka okha ndiwo amaitanidwa ku yunivesite. Mwa otsalawo, ena amakalowa sukulu za ntchito zamanja monga za ku Namitete, ku Lilongwe ndi ku Salima, ena amakayesa mwayi wa usilikali, ndipo ambiri amabwerera kwa makolo awo kukathandiza kuthyola ndi kusoka fodya m'zigafa. Anyamata ndi atsikana otere, pamodzi ndi aphunzitsi amene anawasula, ndiwo tikuwaganizira lero posimba mbiri ya Antoine de Saint-Exupéry, Mfalansa amene naye analephera mayeso, nalowa usilikali, napatsidwa ntchito ya umakaniko pamene mtima wake unali pa kuuluka. Chimene chinatembenuza moyo wa munthu ameneyu chinachitika m'maola opuma, kunja kwa nthawi ya ntchito.

Saint-Exupéry anabadwa pa 29 Juni, 1900, mu mzinda wa Lyon, m'banja la dzina lalikulu koma la chuma chochepa. Anali wachitatu mwa ana asanu. Atate ake anamwalira mu 1904 iye asanakwanitse zaka zinayi, ndipo amayi ake, a Marie, analera anawo modalira achibale. Nthawi ya tchuthi banjalo linkakhala ku Saint-Maurice-de-Rémens, ndipo makilomita ochepa kuchokera pamenepo, ku Ambérieu, kunali kabwalo ka ndege. Tikumbukire kuti masiku amenewo ndege inali chinthu chachilendo zedi. Abale awiri a banja la Wright anali ataulutsa ndege yawo ya injini ku America mu 1903, ndipo Louis Blériot anali atangowoloka pa ndege nyanja yolekanitsa France ndi England mu 1909. Ndege za nthawi imeneyo zinali za matabwa, nsalu ndi mawaya. Mnyamatayo ankapalasa njinga kupita ku bwaloko, nataya nthawi yaitali akufunsa amakaniko dzina ndi ntchito ya chitsulo chilichonse. Mu 1912, ali ndi zaka 12, ananyengerera woyendetsa ndege wina kuti amukweze, atamunamiza kuti amayi ake alola. Kuyambira tsiku limenelo mtima wake sunabwererenso pansi.

Kusukulu sanali mwana wa nambala wani. Anaphunzira kwa ansembe ku Le Mans, kenaka ku Fribourg m'dziko la Switzerland, ndipo ankadziwika ndi kusasamala ndi kulota ali maso, ngakhale kuti pa kulemba chimangirizo anali ndi dzanja labwino. Mu 1917 mng'ono wake François, amene anali bwenzi lake la pamtima, anamwalira ali ndi zaka 15. Atamaliza sekondale, Antoine anafuna kukhala ofesala wa zombo za nkhondo, nakhala zaka ziwiri ku Paris akukonzekera mayeso olowera ku sukulu ya École Navale. Mu 1919 analephera, ndipo khomo limenelo linatsekeka. Anayesa maphunziro ojambula mapulani a nyumba, koma sanafike nawo patali. Pofika kuchiyambi kwa 1921 anali mnyamata wa zaka 20 wopanda digiri ndi wopanda ntchito, wodya za m'thumba la amayi ake amasiye.

Lamulo la ku France linkakakamiza mnyamata aliyense kugwirako usilikali, ndipo nthawi yake itakwana, mu Epulo 1921, iye anapempha kuti amuike ku ndege. Anamutumiza ku gulu lachiwiri la ndege za nkhondo ku Neuhof, pafupi ndi mzinda wa Strasbourg. Koma kukhala m'gulu la ndege ndi kuuluka ndi zinthu ziwiri zosiyana. Pa munthu mmodzi aliyense amene amakwera kumwamba pamakhala anthu ambiri otsala pansi, amene ntchito yawo ndi kumasula ndi kumanga injini, kutsuka mapulagi, kuthira mafuta ndi oyilo, kukunga mawaya a mapiko, ndi kukankha ndege kuzitulutsa m'mashedi. Saint-Exupéry analembedwa monga msilikali wamba wa pansi, m'nyumba yokonzera ndege. Tsiku ndi tsiku ankaona anzake akunyamuka pa ndege zimene iye anazikonza, iye natsala ndi sipanala m'manja ndi girizi mpaka m'zigongono.

Pa bwalo lomwelo panali kakampani ka anthu wamba kotchedwa Transaérienne de l'Est, kamene kankakweza anthu olipira kuti akaone dziko lawo kuchokera kumwamba, mongosangalala basi. Woyendetsa ndege wake anali Robert Aéby. Msilikali wathuyo anaona kuti atakhala ndi luso loyendetsa ndege lophunzira payekha, akuluakulu a usilikali sakanakhalanso ndi chifukwa chomusungira pansi. Koma panali zopinga ziwiri. Choyamba chinali ndalama, pakuti maphunzirowo anafuna ma franc 2,000, mtengo waukulu ndithu kwa mayi wamasiye. Anawalembera makalata owachonderera mobwerezabwereza, mpaka iwo anavomera, ngakhale kuti anali ndi mantha, popeza anali atataya kale mwana mmodzi wamwamuna. Chachiwiri chinali lamulo, pakuti msilikali sankayenera kuphunzira pa ndege za anthu wamba. Mkulu wa gululo, dzina lake Garde, anasankha kuyang'ana kumbali, malinga maphunzirowo azichitika kunja kwa nthawi ya ntchito. Motero mu Juni 1921 mnyamatayo anayamba kuuluka ndi Aéby pa ndege ya mtundu wa Farman, ndipo pa 9 Julaye, patangopita masabata ochepa, anauluka yekha kwa nthawi yoyamba pa ndege ya mtundu wa Sopwith, natera bwinobwino.

Apa tiyambe taima pang'ono, pakuti pamenepa ndi pamene pagona mutu wa nkhani yathu. Aliyense amene anakhalapo m'baraki kapena m'sukulu yogonera komweko akudziwa kuti moyo wa kumeneko uli ndi zigawo ziwiri. Chigawo choyamba ndi cha belu ndi lipenga: munthu amadzuka, kudya, kugwira ntchito ndi kugona pa nthawi imene wina wamuikira. Chigawo chachiwiri ndi cha maola ochepa amene palibe womulamula, ndipo m'maola amenewa ndi mmene munthu amaonekera kuti ndi wotani. Wina amakagona, wina amakaseweretsa kandalama kake pa juga, wina amakamira m'chipanda. Kupuma sikulakwa ayi, ndipo thupi lotopa liyenera kupuma. Koma Saint-Exupéry anapeza chosangalatsa chimene chinali cha mtundu umodzi ndi ntchito yake. Masana ankaphunzira mmene injini imapumira, mmene mafuta amasakanikirana ndi mpweya, ndi chimene chimachititsa injini kutsokomola. Pa nthawi yopuma ankakhala pa ndege ali kumwamba, akumvetsera kulira kwake, moyo wake uli pa zitsulo zimene masana ankaziyesa zotopetsa. Ntchito ya masana inapatsa masewera a nthawi yopuma nzeru, ndipo masewera a nthawi yopuma anapatsa ntchito ya masana cholinga.

Zotsatira zake sizinachedwe. Mu Ogasiti chaka chomwecho anatumizidwa ku Morocco, ku gulu la ndege la nambala 37, ndipo mu Disembala analandira chiphaso cha usilikali choyendetsera ndege. Mu 1922 anabwerera ku France, naphunzira za uofesala, naikidwa pa bwalo la Le Bourget pafupi ndi Paris. Mnyamata amene analephera mayeso a zombo anali tsopano ofesala woyendetsa ndege.

Koma mbiri yoona siyenera kubisa mbali yachiwiri. Mtima womwewo umene unamuchititsa kunamiza woyendetsa ndege ali mwana, ndi kuzemba lamulo ku Strasbourg, unatsala pang'ono kumupha. Mu 1923, ali ku Le Bourget, anatenga ndege ya mtundu umene sanaloledwe kuyendetsa, kuti akangoulukako. Ndegeyo inagwa, iye nasweka chigaza, ndipo atachira analangidwa pomuletsa kuuluka kwa kanthawi. Akale anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Malamulo a pa bwalo la ndege ambiri analembedwa anthu atafa kale, ndipo munthu wowapeputsa amaika pachiswe moyo wake ndi wa mnzake amene wakwera naye.

Ngoziyo inamutayitsa zambiri. Pa nthawiyo anali atatomera namwali wina wa banja lolemera, Louise de Vilmorin, ndipo akuchikazi sanafune mkamwini wa ntchito yoopsa chotero. Iye anasiya ndege pofuna kuwakondweretsa, nalowa ntchito ya ukalaliki pa kampani youmba matailosi ofolerera nyumba, koma chitomerocho chinathabe. Kenaka anakhala wogulitsa malole a kampani ya Saurer, akuyendayenda m'matauni ang'onoang'ono a pakati pa dziko la France, ndipo malondawo anamukanika kotheratu. Komabe ngakhale m'zaka zowawazi sanataye nthawi yake yopuma. Usiku, m'zipinda za alendo zotsika mtengo, ankalemba. Mu 1926 magazini ya Le Navire d'argent inasindikiza nkhani yake yoyamba, L'Aviateur, yonena za munthu woyendetsa ndege. Monga mmene kuuluka kunayambira m'maola oweruka, kulembanso kunayambira momwemo.

Mu Okutobala 1926 analembedwa ntchito ndi kampani ya Latécoère ku Toulouse, imene inkanyamula makalata pa ndege kuchokera ku France kudzera ku Spain ndi Morocco mpaka ku Dakar m'dziko la Senegal, ndipo pambuyo pake inadziwika ndi dzina lakuti Aéropostale. Woyang'anira ntchito kumeneko, Didier Daurat, anali munthu wouma mtima pa mwambo. Woyendetsa ndege watsopano, kaya anali wa mbiri yotani, ankayamba wavala ovolosi ndi kugwira ntchito ndi amakaniko asanapatsidwe thumba la makalata. Chifukwa chake chinali chomveka. Ndege za Breguet 14 zimene ankagwiritsa ntchito zinali zotsala pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, injini zake zinkazima kawirikawiri, ndipo munthu wotera mwadzidzidzi pakati pa mchenga analibe galaja lina koma manja ake. Motero Saint-Exupéry anabwereranso ku sipanala, koma tsopano ankadziwa mtengo wake.

Kumapeto kwa 1927 anaikidwa kukhala mkulu wa kabwalo ka ndege ka Cap Juby, pamalo pamene lero pali tauni ya Tarfaya kumwera kwa Morocco. Mbali imodzi kunali nyanja ya mchere, mbali ina chipululu cha Sahara, ndipo pafupi panali linga la asilikali a ku Spain. Eni dziko a m'chipululumo sanaitane Azungu kuti aziuluka pamwamba pa dziko lawo, ndipo ambiri a iwo ankakana ulamuliro wa atsamunda. Woyendetsa ndege akagwa pakati pawo ankagwidwa kuti aomboledwe ndi dipo, ndipo ena anaphedwa. Ntchito ya Saint-Exupéry kumeneko inali kufunafuna anzake otayika, kukambirana ndi mafumu a m'chipululu, ndi kukonza ndege zakugwa kuti zibwerere. Boma la France linamupatsa mendulo ya Légion d'honneur chifukwa cha ntchito imeneyi. M'kanyumba kake ka matabwa, usiku, analemba buku lake loyamba, Courrier Sud, limene linatuluka mu 1929.

Chaka chomwecho anatumizidwa ku Buenos Aires kukayang'anira nthambi ya kampaniyo m'dziko la Argentina, natsegula njira za makalata zopita kumwera, ku dera la mphepo ya mkuntho la Patagonia. Za kumeneko zinabala buku la Vol de nuit, lonena za anthu oulutsa makalata usiku, limene linapata mphotho ya Femina mu 1931, chaka chimene anakwatira Consuelo Suncín wa ku El Salvador. Umakaniko sanausiye, pakuti m'zaka zotsatira analembetsa ku boma zipangizo zingapo zimene anazitulukira yekha, zothandiza ndege kutera ndi kupeza njira.

Pa 30 Disembala, 1935, akuyesa kupambana mpikisano wa liwiro kuchokera ku Paris kupita ku Saigon, anasokera usiku m'mitambo, ndipo ndege yake inaomba pansi m'chipululu cha kumadzulo kwa mtsinje wa Nile. Iye ndi makaniko wake André Prévot anatuluka amoyo, koma analibe madzi okwanira ngakhale tsiku limodzi. Anayenda pa mchenga mpaka malovu anauma ndipo anayamba kuona zideruderu. Pa tsiku lachinayi Mwarabu wina wa m'chipululu, ali pa ngamira, anawapeza nawamwetsa madzi. Nkhani imeneyi ili m'buku la Terre des hommes la mu 1939, limene linalandira mphotho yaikulu ya Académie française. Chaka chimodzi bukulo lisanatuluke anali atagwanso ndi ndege ku Guatemala, navulala koopsa, kotero kuti thupi lake silinabwererenso mwakale.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itabuka mu 1939, analowa gulu la ndege zozonda adani, lotchedwa 2/33, ndipo mu Meyi 1940 anauluka pamwamba pa mzinda wa Arras zipolopolo za Ajeremani zikumuzinga. France atagonja, iye anapita ku New York, kumene analemba Pilote de guerre ndiponso kabuku kamene kanamutchukitsa koposa, Le Petit Prince, kamene pa Chingerezi kamatchedwa The Little Prince. Kanatuluka mu Epulo 1943, ndipo lero kamasuliridwa m'zinenero mazanamazana. Nkoyenera kuzindikira kuti wosimba nkhani m'kabukuka ndi woyendetsa ndege amene wagwa m'chipululu cha Sahara ndipo akulimbana ndi kukonza yekha injini yake madzi akumwa asanamuthere. Msilikali wa girizi wa ku Neuhof uja akuoneka ngakhale m'nthano ya ana.

Mu 1943 anabwerera ku gulu lake kumpoto kwa Africa. Anali ndi zaka 43, zopitirira kwambiri malire a oyendetsa ndege zaliwiro za mtundu wa Lockheed Lightning, ndipo mabala akale ankamulepheretsa kuvala yekha zovala zoulukira. Ataononga ndege ina potera, akuluakulu anamuletsa kuuluka, koma iye anachonderera kwa miyezi yambiri mpaka anamulolanso. Mmawa wa pa 31 Julaye, 1944, ananyamuka pa chilumba cha Corsica kukajambula zithunzi za malo a adani kumwera kwa France, ndipo sanabwerere. Kwa zaka zoposa 50 panalibe chizindikiro chilichonse. Mu 1998 msodzi wina wa ku Marseille anakola mu ukonde wake chibangili cha siliva cholembedwa dzina lake. Mu 2000 zidutswa za ndege zinapezeka pansi pa nyanja chakufupi ndi pomwepo, ndipo mu 2004 boma linatsimikiza kuti inalidi ndege yake. Bwalo lalikulu la ndege la ku Lyon limatchedwa ndi dzina lake kuyambira mu 2000.

Wowerenga wochenjera anena kuti zonsezi nzabwino, koma mnyamatayu anali ndi amayi otha kupeza ma franc 2,000, pamene mwana wa mlimi wa fodya amadikira kuti mabelo agulidwe ku okushoni asanaone ngakhale ya sopo. Zimenezo nzoona, ndipo sitiyenera kunamizana kuti khama lokha limatsegula khomo lililonse. Koma ndalama zija zinangogula maola ochepa a kumwamba. Chidwi chofunsa amakaniko, kupirira pa ntchito ya pansi, ndi chizolowezi cholemba usiku, zonsezi sizinagulidwe ndi ndalama. Ndipo umboni wake tili nawo pakhomo pomwe pano. William Kamkwamba wa kwa Wimbe anasiya sekondale chifukwa chosowa fizi pa njala ya 2002, koma nthawi imene anali nayo anaithera m'kanyumba ka mabuku ka pa sukulu ya pulaimale, ndipo ndi zitsulo zotola ndi zidutswa za njinga anamanga makina opukusidwa ndi mphepo amene anayatsa magetsi m'nyumba ya makolo ake. Pambuyo pake anakaphunzira ku Dartmouth College ku America. Ngakhale za kuuluka sizili kutali monga kale, pakuti mu 2017 boma pamodzi ndi bungwe la UNICEF linatsegula pa bwalo la ndege la Kasungu dera loyeserapo tindege touluka popanda munthu m'kati, lofika makilomita 40 mbali zonse, ndipo mu 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy yophunzitsa achinyamata kupanga ndi kuulutsa tindege timeneti. Fodya wako ndi amene ali pamphuno: munthu amayamba ndi chimene ali nacho.

Kwa ife aphunzitsi, mbiri imeneyi ili ndi mawu akeake. Saint-Exupéry anathandizidwa ndi akulu a mitundu iwiri. Garde anaona njala ya kuphunzira mwa msilikali wamba, namupatsa mpata. Daurat anaona kudzikhulupirira kwa mnyamata yemweyo, namubweza ku sipanala. Pamene panalibe womubweza, ku Le Bourget, mnyamatayo anasweka mutu. Pakadapanda womupatsa mpata ku Neuhof, akadatuluka usilikali monga mmene analowera. Mphunzitsi wabwino amafunika kukhala ndi maso a akulu onse awiriwa. Mwana amene amalephera masamu koma amathera Loweruka lonse akupanga galimoto ya mawaya kapena akukonza wailesi ya agogo ake akutiuza kanthu kena kamene pepala la mayeso silingatiuze. Kalabu ya sayansi, kabati ya mabuku yotsegulidwa madzulo, ndi mphunzitsi wolola kutsalira ola limodzi ana ataweruka, zimenezi sizifuna ndalama zambiri.

Ndipo inu amene mwangochoka pa sukulu, kaya mukupita ku MAFCO ku Salima kukaphunzira usilikali, kaya ku sukulu ya ntchito zamanja, kaya mukutsala kumudzi kusamala nazale ndi chigafa, ntchito ya masana adzakusankhirani ndi ena, ndipo mwina sidzakhala imene munkailota. Muigwire mokhulupirika, pakuti sipanala ya ku Neuhof ndiyo inathandiza Saint-Exupéry ku Cap Juby. Koma maola a pakati pa kuweruka ndi kugona ndi anu, ndipo fodya akagulitsidwa pamakhala masabata angapo nazale isanayambenso. Musankhe chinthu chimodzi chimene chimakukondweretsani ndiponso chimakuphunzitsani, mupeze wamkulu wochidziwa kuti akuongolereni, ndipo muchigwire tsiku ndi tsiku osadumpha malamulo ake.